Mfuti Yanga ndi Maliro a Eni

Ndinali nditadutsa zaka makumi anayi pamene ndinayamba kusirira mfuti, ndipo mpaka lero munthu akamva zimenezi amandiyang'ana ngati ndanena kuti ndinkafuna kuweta fisi. Sindinkafuna kuopseza aliyense. Akuba sindinkawaopa, chifukwa m'nyumba mwathu ku Barking, mumzinda wa London, munalibe choti wakuba wanzeru n'kutayirapo nthawi. Ndinkangofuna kuwombera chandamale cha pepala Lachitatu masana, kenako n'kukwera basi kubwerera kwathu.

Anandiyambitsa ndi namwino mnzanga wachizungu yemwe tinkagwira naye ntchito m'wodi ya okalamba. Tsiku lina ataona mmene ndinamenyetsera chitseko cha kabati ya mankhwala, anati ndikufunika kupita naye kwinakwake. Ine ndimati akunena za zothamangathamanga zija azungu amakonda. Ananditengera ku kalabu ya owombera mfuti, chinyumba chachitali chopanda mawindo kuseri kwa magalaja, kumapeto kwa njanji. Mkatimo munkanunkha mafuta a makina, onga ndi tiyi wokhalitsa. Anandiveka zotseka m'makutu, n'kundigoneka chafufumimba pamphasa, n'kundipatsa kamfuti kakatali ka kalabuyo, ka zipolopolo zazing'ono ngati nyemba.

Pamphasa pajapo, kwa nthawi yoyamba chifikireni ku London, panalibe wondiitana. Kuntchito mabelu a odwala ankalira osapuma. Kunyumba ana ankandiitana m'Chingerezi, achibale akumudzi ankaimba foni, ndipo amuna anga ankandifunsa komwe kuli magalasi awo ali nawo pamphuno. Koma apa panali diso langa, mpweya wanga ndi chala changa basi. Ndinabwereranso sabata yotsatira, kenako ndinalembetsa kukhala membala, ndipo pakutha pa chaka ndinkawombera bwino kuposa mnzanga uja, zomwe sanazikondwere kwenikweni.

Vuto linabwera ndi mkulu wina wa kukalabuko, wadazi, yemwe kale ankakonza zikepe za pamtsinje. Iyeyu anali ndi volovolo, mfuti ya m'manja ya mphamvu zoopsa. Akawombera, ndinkaimva m'chifuwa ngakhale makutu ali otseka, ndipo fumbi linkayoyoka kudenga. Mfuti zazifupi za m'manja boma linali litaziletsa ife tisanafike m'dzikomo. Zomwe zinkaloledwa zinali zotalikitsidwa dala, mpope wake wautali, kumbuyo kuli kachitsulo kotulukira mpaka pamkono. Kunena zoona inali yonyansa, ngati munthu walumikiza mfuti ndi mpini wa ambulera. Komabe ndinaifuna, ndipo ndinaifuna moti ndinkachita nazo manyazi.

Ndinapempha mkulu uja kuti andibwereke ndiyeseko kamodzi kokha. Anakana. Anati lamulo silimulola kubwereketsa mfuti ya mtundu umenewo kwa wina aliyense, ngakhale kalabu yomwe singatero. Ukafuna kudziwa mmene imakankhira, uyenera kutenga chilolezo kupolisi, kugula yako, ndiye n'kuiyesa. Ndinamufunsa ngati akuona kuti zimenezo n'zanzeru. Iye anati sananene kuti n'zanzeru, wanena kuti ndi lamulo. Anandichenjezanso kuti imapweteka dzanja, ndipo dzanja langa lamanja ndi limene linkabaya jakisoni ndi kutembenuza odwala.

Miyezi ingapo ndinakhala ndikusinthasintha maganizo. M'sitima popita kuntchito ndinkaganiza kuti ndi zopusa, kugula chinthu chomwe sunachiyesepo kuli ngati kulola ukwati ndi munthu yemwe wangomuona pachithunzi. Lachitatu likakwana, mkulu uja akawombera, maganizo onse aja ankabalalika. Pomaliza ndinauza amuna anga. Iwowa ankayendetsa basi, anali mkulu wa mpingo, ndiponso ndi munthu wosapsa mtima, khalidwe lomwe limatopetsa kwambiri ukakhala kuti wakwiya ndiwe.

"Mayi," anatero ataika foloko pansi, "kodi kumudzi munagwirapo ngakhale legeni?"

"Sindinagwirepo. Nanga inu basi munaiyendetsapo kumudzi?"

"Basi imanyamula anthu. Iyi inyamula chiyani?"

Ndinawafotokozera zonse. Pafunika kabati yachitsulo yokhomerera kukhoma. Wapolisi abwera kudzaiona ndi kudzacheza nane. Kiyi wa kabatiyo ndiyenera kudziwa ndekha komwe ali.

"Nokha? Ine osadziwa?"

"Lamulo likutero."

"Lamulo la boma kapena lanu? M'bedroom mwanga momwe mukhale chinthu chokhoma, ine mwini nyumba ndizichilambalala ngati lodger?"

Ndinayankha kuti inde, ndipo mumtima ndinasangalala kwambiri. M'nyumba imeneyo munalibe kanthu kanga ndekha. Poti tinali ndi chipinda chochezera chachikulu ndi kabwalo kumbuyo, nyumba yathu ndiyo inali ya Amalawi onse a mbali imeneyo. Wofika kumene kuchokera kumudzi ankagona kwathu kaye. Mapoto anga ankapita kumaukwati n'kubwerako opanda zivundikiro. Jekete langa labwino linapita ku intavyu za ntchito kambirimbiri ine ndili kunyumba. Ndipo wina akaferedwa kumudzi, maliro ankakhala kwathu, chifukwa anthu ambiri ankakhala m'kachipinda kamodzi komwe sikakanakwana ngakhale oimba okha. Sindinkadandaula nazo poyera, ndipo zambiri ndinkazichita ndi mtima wonse. Koma kabati imodzi yokha yoti wina asaitsegule pofunafuna thawulo ndinkaiona kuti ndi yondiyenera.

Amuna anga anati tiona. Kwa iwo mawu amenewa amatanthauza kuti akudikira kuti nkhaniyo ife yokha. Sinafe. Ndinalemba zofunika kulemba, ndinapeza anthu ondichitira umboni, ndipo kabati inabwera. Anaikhomera okha amuna anga mkati mwa wadiropu, akuusa moyo pa bawuti iliyonse kuti ndimve. Kenako inabwera kalata yoti wapolisi woona za mfuti adzafika Lachinayi lina m'mawa. Ngakhale apo ndinali ndisanatsimikize zogula. Ndinkadziuza kuti chilolezo chibwere kaye, zogulazo ndidzaganiza chili m'manja.

Lolemba la sabata imeneyo, mnzanga wina wa ku Malawi wokhala ku Peckham anaferedwa mayi ake ku Zomba. Tinkapemphera mpingo umodzi. Anali mayi wamsinkhu wanga, wosalankhulalankhula, ndipo ankasamalira okalamba m'nyumba zawo. Viza yake inali itatha kalekale. Tonse tinkadziwa, ndipo palibe ankazitchula. Akanapita kukaika mayi ake sakanaloledwa kubwereranso, pomwe ana ake kumudzi ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha ntchito yakeyo. Choncho analira ali ku London, m'nyumba mwanga.

Tinachita monga mwa nthawi zonse. Mipando tinaikankhira kukhoma, ina n'kuitulutsa panja. Azimayi anakhala pansi m'chipinda chochezera atazungulira namfedwa, azibambo kukhitchini ndi kubwalo lakumbuyo atavala majekete, pakuti kunkazizira. Chitseko chakumaso chinali chosatseka, ndipo nsapato zinaunjikana pakhomo. Anthu ankabwera molingana ndi mashifiti awo, wina akutuluka kupita kuntchito wina akulowa ndi yunifomu. Mwambo woika maliro ku Zomba unali Lachinayi masana. Mchimwene wa mnzangayo analonjeza kuti akafika kumanda adzafulasha foni ya mlongo wake, poti mayunitsi oimbira kunja analibe, ndipo ife tidzamuimbira ndi khadi loimbira mafoni akunja kuti mnzangayo amve mayi ake akutsitsidwa. Makhadi tinagula awiri. Kwa iye, foni imeneyo ndiyo inali ulendo wake wonse wa kumaliro.

Lachiwiri ndinakumana ndi amuna anga pamasitepe, ine ndikukwera ndi zitenje iwo akutsika ndi mipando.

"Wapolisi uja ndi Lachinayi," ndinatero.

"Pali maliro, mayi."

"Ndikudziwa."

"Ndiye basi."

Nanenso ndinati basi, n'kupitiriza kukwera. Anthu awiri akuluakulu, okhala ku London zaka zambiri, odziwa bwino kuti kuno ngakhale wozula mano sakhululuka ukachedwa pang'ono. Koma m'mitu mwathu maliro amaimitsa chilichonse popanda wouza mnzake. Kwathu amayala masamba pamsewu, wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, ndipo wobwera ndi nkhani zake amazibweza yekha n'kudzabweranso mwambo ukatha. Kuti bambo wa ku ofesi ina ku London adziwa bwanji zoti mayi wina wamwalira ku Zomba, funso limenelo silinatifikire. Nambala yake inali pakalata pompo, koma palibe anaimba.

Lachinayi m'mawa nyumba inadzaza kuposa masiku onse, poti aliyense ankafuna kukhalapo foni ikamalira. Ine ndinali m'mwamba kufunafuna bulangeti la mayi wina wokalamba. Ndinamva nyimbo ikuchepa mphamvu pang'onopang'ono ngati wailesi yotha mabatire, mpaka anatsala akuimba ndi anthu atatu kapena anayi. Nditasuzumira pamasitepe ndinaona mzungu wachikulire, wa jekete wamba, khadi lili pakhosi, chikwama m'manja, ataima pakati pa mulu wa nsapato. Ndinamva pambuyo pake kuti anagogoda pachitseko chotsegulacho kwa kanthawi, osayankhidwa, chifukwa pamaliro palibe amagogoda. Bambo wina anamugwira dzanja kumulowetsa, poyesa kuti ndi bwana wa kuntchito kwa namfedwa wabwera kudzapepesa. Apo mpamene mzunguyo ananena mwaulemu kuti wachokera kupolisi, ndipo akufuna mayi a nyumba ino.

Palibe anakuwa kapena kuthamanga. Anthu ankangodzuka mmodzimmodzi ngati akupita kukamwa madzi kukhitchini, n'kudutsa kubwalo lakumbuyo, n'kutulukira pageti la kukanjira ka zinyalala. Nsapato zawo zinali kumapazi a wapolisiyo, choncho anapita ndi masokosi. Pofika pansi ndinapeza chipinda chochezera chatsala theka.

Wapolisiyo atazindikira kuti walowa pamaliro anafiira nkhope mpaka m'makutu. Anapepesa kangapo, nati adzaimba foni tipangane tsiku lina, ndipo anayamba kubwerera chambuyo. Akanatuluka pomwepo, mwina anthu akanaitanidwa asanafike patali. Koma amuna anga anatulukira kukhitchini ndi kapu ya tiyi.

"Bambo, musiyeni azipita," ndinanong'ona.

"Munthu wafika pamaliro, timubweze osamwa kanthu? Tidzaoneka anthu otani?"

Kenako anatembenukira kwa otsala aja, n'kukweza mawu ngati akulengeza kutchalitchi. "Abale, musaope. Awa sanabwerere za mapepala ayi. Abwerera mfuti ya mayiwa."

Mpaka nthawi imeneyo, mwa Amalawi onse aja, nkhani ya mfuti ankaidziwa ndi iwo okha. Azimayi onse anatembenuka kundiyang'ana. Mayi wokalamba uja, yemwe bulangeti lake linali lidakali m'manja mwanga, anafunsa ngati mfutiyo ili m'nyumba momwemo, m'chipinda chomwe ankagonekamo zidzukulu zake. Ndinati kulibe mfuti, kuli kabati chabe. Anafunsa kuti kabati ya chiyani. Wapolisi uja, posafuna kukhumudwitsa anthu olira, anaima pakhomo n'kumamwa tiyi wotenthayo pang'onopang'ono, akuuzira, amuna anga akumufotokozera za msewu wa ku Zomba. Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawanyamula onse awiri n'kukawaika panja.

Atapita ndi pamene ndinayang'ana pamalo a namfedwa. Panali chitenje chake ndi pilo, mwini wake palibe. Ndinatuma azibambo kuti akamufunefune m'misewu yapafupi. Wina anati tingomuimbira, ndipo foni inalirira m'chikwama chake chomwe chinali pabedi langa. Tidakali chiimire, inaliranso kamodzi n'kudula. Inali nambala ya ku Malawi. Inaliranso kachiwiri n'kudula.

Ndinakala khadi ndi chikhadabo, n'kuimba manambala ake ataliatali aja. Mchimwene wake anayankha. Ndinati mlongo wake watuluka pang'ono, adikire. Anati sangaimitse anthu, bokosi lili kale pamphepete pa dzenje, ndipo foni aikweza m'mwamba kuti tizimva. Ndinakhala pamphepete pa bedi, chitseko cha wadiropu chili pamaso panga, n'kumamvera maliro a mayi yemwe sindinamuonepo. Kunali mphepo yambiri. Ndinamva azimayi akuimba, abusa akupemphera mawu akudukaduka, wina akulangiza anyamata kuti atsitse mbali ya kumutu pang'ono. Ndinamva dothi loyamba likugwera pathabwa. Mayi wina analira mokweza kuposa onse, akuitana malemuwo kuti achemwali. Kenako makasu anayamba. Ndinkangoyang'ana kukhomo kuti mwina namfedwa alowa, mpaka mawu achizungu anandiuza kuti khadi latha. Nditaimbanso ndi lachiwiri, foni ya ku Zomba inali yozima.

Mnzangayo ndinamupeza ndekha dzuwa litapendeka, pamalo odikirira basi kuseri kwa msika. Anakhala pakabenchi kofiira, duku lakuda kumutu, masokosi atanyowa. Basi sakanakwera chifukwa chilichonse chinali m'chikwama chija. Ndinamuveka jekete, n'kumuikira nsapato pansi.

"Apita?" anafunsa.

"Kalekale. Sanabwerere inu, asisi. Anabwerera ine."

Anagwedeza mutu, akuvala nsapato imodzi. "Achimwene afulasha?"

"Afulasha."

"Ndiye ayika."

"Ayika."

Nsapato inayo inali idakali m'manja mwake. Basi inaima, anthu anatsika, inapita. Ndinkadikira kuti andikalipire. Ndinali nditakonzeka kuti andifunse kuti mfuti ndi yachiyani kwa mayi wa ana, namwino, mkazi wa mkulu wa mpingo, ndipo ndikanamuyankha, tikanakangana, mtima wanga ukanapepukako. Sanafunse zimenezo, tsiku limenelo ngakhale lina lililonse.

"Munamva inuyo?"

"Ndinamva."

"Tandiuzani. Muyambire poyamba."

Ndinamuuza za mphepo, za abusa, za anyamata otsitsa bokosi. Nditatchula mayi wolira mokweza uja anati amenewo ndi mayi ake aang'ono, ndipo anandifunsa mawu enieni omwe ankanena. Anafunsa ngati oimba anali ambiri. Anafunsa ngati dothi linkamveka louma kapena lonyowa, chifukwa mayi ake ankadana ndi matope. Ndinati louma. Nditamaliza anati ndibwerezenso, ndipo ndinabwereza tili pabenchi pomwepo.

Sabata yotsatira wapolisi uja anaimba foni monga analonjezera. Anapepesanso, n'kufunsa tsiku lomwe lingandikomere. Anali munthu wabwino, ndipo zimenezo zinkangowonjezera kundinyansa, chifukwa panalibe woti ndimukwiyire mokwanira. Iye anabwera pa tsiku lomwe analemba. Amuna anga anapereka tiyi kwa mlendo. Anthu anathawa chifukwa anali ndi chifukwa chothawira. Ine ndinkafuna kuwombera pepala. Ndinamufunsa ngati kubwera kwake n'kwa kamodzi kokha. Anati ayi, chilolezo chimawonjezeredwa pakapita zaka, ndipo nthawi zina angafunike kudzaonanso kabatiyo.

Ndinaima m'khitchini foni ili kukhutu, ndipo ndinene mosabisa kuti mfutiyo ndinkaifunabe. Zomwe zinachitikazo sizinandichotsere chilakolako ngakhale pang'ono. Koma m'nyumba imeneyo munkadzagwanso maliro ena, ndipo pafupifupi nthawi zonse wolira kwambiri ankakhala yemwe sangathe kukwera ndege. Ndinamuuza bamboyo kuti aleke, ndasintha maganizo. Anafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinati ndatsimikiza, ndipo ndinadula foni msanga ndisanayambe kulankhula zina.

Amuna anga atamva anati ndachita bwino, iwo ankadziwa kuti nzeru zidzandibwerera. Sindinawalankhule mpaka Lamlungu. Kutchalitchi azimayi ena anayamba kundipatsa moni wa manja awiri, waulemu wopitirira muyezo, ndipo mwana wina anandifunsa m'Chingerezi ngati n'zoona kuti ndinali msilikali. Maliro otsatira anakachitikira kwa banja lina ku Dagenham, m'kanyumba kopanikiza, anthu mpaka pamasitepe, ati poti kwathu kumabwera apolisi. Ndinapita, ndinakhala pansi, ndinaimba nawo. Panatenga nthawi ndithu kuti ayambenso kubwera kwathu, ndipo atayambanso palibe anapepesa, anangofika ndi mapoto awo.

Mnzanga wa ku Peckham uja mapepala ake anadzalongosoka patapita zaka, ndipo anapita ku Zomba kukaona manda. Ndinkayesa kuti akabwerako nkhaniyo idzatha. Koma chaka chilichonse, nyengo yozizira ikamayamba, amandiimbira foni. Timayamba ndi za ana ndi za mawondo athu, kenako amanena kuti, "Asisi, tandiuzaninso." Zambiri ndinaiwala, ndipo sindidziwanso kuti zomwe ndimanena n'zimene ndinamvadi kapena n'zimene ndinanena chaka chatha. Ndikadumpha za mayi ake aang'ono amandikumbutsa yekha. Ndimayambira pa mphepo, iye n'kumamvetsera.